Nyanja yamchere nayo imachepa magazi, ndipo vuto linayambira pa sikelo

Alamu anga ndi oyembekezera, ndiye sabata yatha abwera kuchokera ku sikelo atanyamula timapilisi tija toonjezera magazi, nkhope ili gwaa, akuti timawachititsa nseru ndipo atopa nato. Ine pofuna kuwaseketsa ndinati alamu musadandaule simuli nokha, nyanja yamchere nayo ili ndi vuto lomweli la kuchepa magazi moti pali maiko oposa 30 omwe akhala akuyiyeza kwa zaka zambiri. Anandiyang'ana ngati ndalawirira kachasu. Koma nkhaniyi ndi yoona, ndipo poti pakhondepo sindinathe kuifotokoza bwino, ndati ndiilembe pano.

M'timapilisi timeneti muli ayironi, chitsulo chenicheni ngati cha khasu, kungoti chosungunuka. Thupi limafuna kochepa kwambiri koma kakasowa magazi sapangika bwino. Mbewu nazo chimodzimodzi. Amene mumalima chimanga ku Bembeke kapena kachewere ku Tsangano, tayang'anani pathumba la feteleza wokulitsa, palembedwa 23:10:5+6S+1.0Zn. Ka Zn kakumapetoko ndi zinki, ndipo ndi 1 yekha pamene nayitirojeni ndi 23, koma munda ukasowa kameneka chimanga chimapinimbira masamba n'kuchita mizere yoyererako, ngakhale muthire yureya wochuluka bwanji. Chomwe chasowacho ndi chomwe chimalamula zokolola, osati chomwe chachuluka.

Nde m'nyanja zikuluzikulu muli munda wake. Pamwamba pa madzi pomwe dzuwa limafika pamayandama tizomera tosaoneka ndi maso, abale ake a ndere, asayansi amati phytoplankton. Timeneti ndi tomwe timadyedwa ndi tizilombo ta m'madzi, tizilomboto n'kudyedwa ndi nsomba zing'onozing'ono, mpaka kukafika kwa anamgumi, monga momwe usipa wathu umakhalira ku Mtakataka uku. Ndipo ngakhale tili tochepa chonchi, pafupifupi theka la ntchito yonse yomwe zomera zapadziko zimagwira, yokoka mpweya wa kaboni n'kutulutsa mpweya womwe timapuma, timagwira ndi timeneti. Tizomerati tikafa tina timamira pansi penipeni ndi kaboni wathu uja, n'kukakhala kumeneko zaka mazanamazana. Mukamva kuti nyanja ikutithandiza pa nkhani ya kusintha kwa nyengo, mbali ina ndi imeneyi.

Chomwe chinkazunguza mitu kwa nthawi yaitali ndi ichi. Pali zigawo zitatu zikuluzikulu za nyanja, nyanja yozungulira Antarctica kumwera kwa Cape Town uko, chigawo cha Pacific cha pa ikweta, ndi kumpoto kwa Pacific cha ku Alaska, komwe nayitirojeni ndi fosiforasi zili mbwee m'madzi koma tizomera sitikula mmene tikanakulira. Zili ngati munda wothira feteleza matumba khumi koma chimanga chili chonyozoloka. Ena ankati ndi kuzizira, ena kuchepa kwa dzuwa, ena ankati tizilombo tikudya msanga. Bambo wina wa ku America dzina lake John Martin, wa ku Moss Landing Marine Laboratories ku California, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anati ayi, vuto ndi ayironi. Mu 1988 ku Woods Hole, malo ofufuzira zanyanja ku America, anachita kunena mwanthabwala kuti mutandipatsa theka la sitima yodzadza ndi chitsulo ndingathe kulibwezera dziko m'nyengo ya madzi oundana, kutanthauza kuti tizomera tikachuluka tikoka kaboni wambiri dziko n'kuzizira. Anamwalira mu 1993, miyezi yochepa anzake asanapite kukayesa maganizo akewo panyanja penipeni.

Mwina mukuti, chitsulo chingasowe bwanji pomwe dziko lonse ndi chitsulo chokhachokha? Zoona, katondo wathu wa ku Dedza kufiira kuja ndi ayironi, ndipo pa zinthu zonse zomwe zili m'nthaka ndi m'miyala ayironi ali pa nambala 4 kuchuluka. Koma madzi a m'nyanja yamchere ali ndi okosijeni komanso si a asidi, nde ayironi akangolowamo amasanduka dzimbiri, timibulu tomwe timamatirira ku zinyalala zina n'kumira. Kochepa komwe kamatsala kosungunuka kamatsala chifukwa kagwiridwa ndi timankhwala tina tochokera ku zamoyo, tina mwa ito mabakiteriya amachita kutulutsa dala kuti tikawakolere ayironi, ndipo pafupifupi ayironi yense wosungunuka m'nyanja ndi wogwiridwa chonchi.

Kuchepa kwake ndikupatseni chithunzi. Pamwamba pa nyanja ya ku Antarctica, lita imodzi ya madzi imatha kukhala ndi ayironi wokwana mananogalamu 5 okha, nanogalamu ndi galamu imodzi mutaigawa ka 1 biliyoni. Ndinakhala pansi ndi kakyuleta ya pafoni. Tengani msomali umodzi wa magalamu 10, wokhomera phaso. Kuti muusungunule mpaka madzi ake afanane ndi a ku Antarctica, mufunika malita 2 biliyoni, omwe ndi madiramu a malita 200 okwana 10 miliyoni. Msomali umodzi basi.

Apa nde pagona nkhani yonse, chifukwa tangoganizani mukufuna kuyeza kachinthu kochepa chonchi koma mwakwera sitima yachitsulo yolemera matani masauzande, yochita dzimbiri, yopakidwa penti wokhala ndi mkuwa, pansi pake anamatapo zidutswa za zinki zoteteza ku dzimbiri, botolo lotungira mwalimangirira ku waya wachitsulo wopaka girisi, utsi wa injini ukugwera pa deki. Kafumbi kamodzi kochokera m'tsitsi lanu kakagwera m'botolo, mwayeza tsitsi lanu osati nyanja. Ndipo ndi zomwe zinkachitika. Manambala ambiri a zitsulo za m'nyanja omwe analembedwa m'mabuku zaka za m'ma 1970 zisanafike kumapeto anali okwera kakhumi, kazana, pena kuposa pamenepo, anthu ophunzira bwino akuyeza dothi la m'manja mwawo mosadziwa. Nde ukakhala ukuona ngati ayironi ndi wambiri, ungaganize bwanji kuti ndi yemwe akusowa?

Amene anawatsegula maso anzake ndi Clair Patterson wa ku yunivesite ya Caltech ku America. Iyeyu poyamba sankafufuza za nyanja, ankafuna kudziwa zaka za dziko lapansi pogwiritsa ntchito mtovu wa m'miyala yogwa kuchokera kumwamba, ndipo mu 1956 anapeza zaka 4.55 biliyoni. Koma ntchito yonseyo mtovu wina wachilendo umangomulowerera m'zoyeza zake, mpaka anamanga labu yoyera mwapadera, kenako n'kuzindikira kuti mtovuwo uli paliponse chifukwa cha petulo yemwe ankathiramo mtovu. Kuyambira apo anakhala munthu wovuta, wokana manambala a anzake, ndipo anali kulondola. Asayansi a zanyanja ngati Ken Bruland ndi Ed Boyle atayamba kutunga madzi mwaukhondo wotere, manambala a zinki ndi chitsulo china chotchedwa cadmium omwe kale ankangobalalika ngati nkhuku zoona kabawi anayamba kupanga mzere womveka, ochepa pamwamba pomwe tizomera tikudya, ochuluka pansi pomwe tikuwolera.

Maganizo a Martin anayesedwa ndithu. Mu 1993 pafupi ndi zilumba za Galapagos anathira ayironi wosungunula pachigawo cha nyanja, ntchito yomwe anaitcha IronEx, anabwerezanso mu 1995 ndipo ulendo wachiwiriwu madzi anachita kusintha mtundu kubiriwira. Mu 1999 anakayesa kunyanja ya ku Antarctica pa ntchito yotchedwa SOIREE, ndipo mu 2009 India ndi Germany anachita LOHAFEX pa sitima ya Polarstern. Kuti ayironi amameretsa tizomera, palibe amatsutsanso. Koma kuti kaboni amamiradi pansi n'kukhalitsa, apo zinatuluka mosiyanasiyana, ku LOHAFEX tizomera tambiri tinangodyedwa ndi tizilombo pamwamba pomwepo. Ine anthu amene amati tingothira chitsulo m'nyanja vuto la nyengo lithe sindiwakhulupirira, amandikumbutsa munthu amene wamva kuti feteleza amathandiza nde akufuna kuthira thumba lonse paphando limodzi. Mu 2008 maiko a m'pangano la London loletsa kutaya zinthu m'nyanja anagwirizana kuti zothira ayironi zisamachitike kupatula pa kafukufuku weniweni.

Tsopano za mgwirizano wa maiko, zomwe ndi zomwe ndimafuna kunena kwenikweni. Aliyense amene anagulitsapo nyemba kapena soya kwa mavenda akudziwa nkhani ya sikelo. Ine zinandionekera pa Lizulu chaka china, thumba lomwe kunyumba linali makilogalamu 50 pa sikelo ya venda wina linakhala 46, ndasuntha pang'ono kwa wina lakhala 48, ndipo aliyense akulumbira kuti yake ndi yolondola. Panalibe choti ndinganene chifukwa panalibe mwala umodzi womwe tonse timauvomereza kuti uwu ndi kilogalamu. Asayansi a zitsulo za m'nyanja anali pa vuto lomweli, kusiyana kwake n'koti iwo samabera dala. Labu ya ku Japan yayeza ayironi ku Pacific, ya ku Netherlands yayeza ku Atlantic, manambala asiyana, nde funso n'kumati kodi nyanja ziwirizi n'zosiyanadi kapena ndi masikelo athu? Popanda yankho pamenepa sungajambule mapu a dziko lonse, ndipo palibe dziko limodzi, ngakhale America, lomwe lingathe kuyenda nyanja zonse lokha, poti sitima ya kafukufuku imadya madola masauzande makumi angapo pa tsiku ndipo ulendo umodzi umatenga mwezi kapena iwiri.

Mu 2004 anachita chinthu chanzeru. Anapita pakati pa North Pacific n'kutunga madzi ambiri m'mathanki oyera, ena apamwamba ena akuya mamita 1,000, kuwasakaniza bwino, kuwagawa m'mabotolo n'kutumiza ku malabu a maiko osiyanasiyana kuti aliyense ayeze madzi amodzimodziwo. Madzi amenewa amatchedwa SAFe, ndipo anasanduka mwala wa kilogalamu uja. Labu yako ikapeza nambala yotalikirana ndi ya anzako, vuto lili kwa iwe, kafufuze.

Pamaziko amenewa ndi pomwe panamangidwa pulogalamu yotchedwa GEOTRACES, pansi pa bungwe la asayansi a zanyanja la SCOR. Pulani yake inasindikizidwa mu 2006, mu 2008 ndi 2009 anachita maulendo awiri, wina ku Atlantic kufupi ndi Bermuda wina ku Pacific, ongoyerekeza zida ndi njira zotungira basi, ndipo ntchito yeniyeni inakhazikitsidwa mu 2010. Inatengera chitsanzo pa GEOSECS ya m'ma 1970, yomwe inayenda nyanja zikuluzikulu kuyeza zinthu zina koma zitsulozi zinali zisanatheke kuyezedwa bwino. Ofesi yoyendetsa zinthu ili ku Toulouse ku France, manambala onse amasonkhanitsidwa ku British Oceanographic Data Centre ku Liverpool. Anagawana nyanja ngati mmene timagawanirana ndime pa dima, uyu atenge mzere wochoka apa kukafika apo, uyu mzere winawo, aliyense ndi sitima yake ndi ndalama za boma lake. Koma kuti ulendo wako uwerengedwe kuti ndi wa GEOTRACES pali zinthu zomwe uyenera kuyeza ufune usafune, ayironi, zinki, aluminiyamu, manganese, cadmium, mkuwa, kuphatikizapo mitundu ina ya mtovu, thorium ndi neodymium yomwe imathandiza kudziwa komwe madzi achokera komanso liwiro lomwe zinthu zikumirira.

Katungidwe kake kamandisangalatsa. Chimango chonyamula mabotolo chimakhala cha titanium kapena chokutidwa ndi pulasitiki, chingwe chake si waya koma Kevlar kapena ulusi wina wolimba wopanda chitsulo. Mabotolo, ambiri amagwiritsa ntchito otchedwa GO-FLO, ndi opaka Teflon m'kati, ndipo amalowa m'madzi ali otseka kuti asatenge zonyansa za pamwamba pafupi ndi sitima, amakatseguka okha akamira pang'ono, kenako munthu ali pa kompyuta amawatseka limodzilimodzi pa kuya komwe akufuna, kuyambira pansi mamita 4,000 kapena 5,000 kukwera m'mwamba. Akangotuluka amawaveka timapulasitiki kukamwa, kuwanyamula kuthamangira nawo mu kontena yomwe mpweya wake ndi wosefa, anthu a m'menemo avala zisoti, magolovesi, zovala zosatulutsa ulusi, ngati ku fiyeta. Timabotolo tosungiramo timakhala titanyikidwa mu asidi kwa masabata kumtunda, ndipo madzi akathiridwamo amawadonthezera asidi woyera kuti zitsulo zisamatirire m'mbali. Ena mwa madziwa amakayezedwa patapita miyezi, pa makina otchedwa ICP-MS. Njira zonsezi zinalembedwa m'buku limodzi lomwe iwo eni amalitcha Cookbook, ngati la zophikaphika.

Koma chomwe chinandigwira mtima kwambiri ndi ichi. Mizere ija anaikonza dala kuti izidutsana. Sitima ya Germany ikadutsa pamalo pomwe ya America inaima chaka china, iyenera kuima pomwepo n'kutunganso, chifukwa madzi akuya kwambiri sasintha msanga, nde manambala a awiriwa ayenera kufanana. Akasiyana, pali komiti yoona za miyezo yomwe imawauza kuti khalani pansi mupeze chalakwika, ndipo manambala ako salowa m'gulu mpaka komitiyo ikhutire, kaya ndiwe pulofesa wotchuka bwanji. Tikanakhala ndi zoterezi pa Lizulu bwenzi makilogalamu anga anayi aja ndili nawo. Zomwe zadutsa pa sefa imeneyi amazitulutsa pamodzi kuti aliyense atenge ulere pa intaneti, koyamba mu 2014, kenako 2017 ndi 2021, ndipo Reiner Schlitzer wa ku Alfred Wegener Institute ku Bremerhaven anapanga mapu ake otchedwa eGEOTRACES, oti ngakhale mwana wa ku Bunda kapena ku Chanco ali ndi bandulo atha kutsegula n'kuona nyanja itadulidwa pakati ngati papaya, ayironi akuoneka ndi mitundu.

Nanga apeza chani? Zambiri, nditchulepo zomwe zinandidabwitsa ine. Pansi pa nyanja pali akasupe otentha otuluka m'mapiri a moto, ndipo kale ankati ayironi wa m'menemo amagwa pompo ngati dzimbiri. Mu 2013 sitima ya America ya Thomas G. Thompson inayenda kuchoka ku Ecuador kukafika ku Tahiti, n'kupeza mtambo wa ayironi wochokera ku akasupe a East Pacific Rise utayenda makilomita oposa 4,000 pansi pa madzi, zomwe zinatuluka mu magazini ya Nature mu 2015. Makilomita 4,000 ndi kuposa kuchoka ku Dedza kukafika ku Johannesburg n'kubwerera. Ku North Atlantic, poyang'ana kulemera kosiyana kwa timaatomu ta ayironi, komwe kali ngati chidindo cha kwawo, Tim Conway ndi Seth John anaonetsa mu 2014 kuti ayironi wambiri kumeneko ndi fumbi la ku Sahara. Ofufuza ena anapezanso kuti malo ena si ayironi yekha amene akusowa, pena ndi ayironi ndi nayitirojeni limodzi, pena cobalt yemwe amapangira vitamini B12, pena manganese, nde nkhani ya Martin ija inali chiyambi chabe.

Za mtovu ndiye zimaonetsa kuti nyanja imasunga mbiri yathu. Ed Boyle uja, wa ku yunivesite ya MIT ku America, wakhala akuyeza madzi a kufupi ndi Bermuda kwa zaka zambiri, ndipo America ndi Ulaya atasiya petulo wa mtovu, mtovu wa pamwamba pa nyanja kumeneko unatsika kwambiri, pamene wakale uja akuonekabe pansi, akuyenda ndi madzi omwe anamira zaka zimenezo. Kuno kumwera kwa Sahara petulo ameneyu tinasiya pofika kumayambiriro kwa 2006, dziko lomaliza linali Algeria mu 2021, ndipo ku Indian Ocean, makamaka kumpoto kwake, mtovu anapezeka wokwererapo chifukwa maiko ozungulira anachedwa kusiya komanso akuwotcha malasha ambiri. Mercury naye, chitsulo chapoizoni chamadzimadzi, kafukufuku wa mu 2014 wotsogozedwa ndi Carl Lamborg anapeza kuti pamwamba pa nyanja wachuluka kuposa katatu chiyambireni mafakitale, ndipo ameneyu amathera mu nsomba zikuluzikulu.

Wina anena kuti ife a ku Ntcheu nyanja yamchere sitinaionepo, yapafupi ili ku Mozambique, zikutikhudza pati? Tayang'anani kumwamba mu Ogasiti ndi Seputembala, phiri la Dedza likuoneka mwa chizimezime chifukwa cha utsi wa tchire lomwe tayatsa posaka mbewa ndi pososa. Utsi wa chigawo chonse chino cha kumwera kwa Africa suthera pano, wina umapita ku Atlantic, wina umatsika cha kumwera chakum'mawa kukatulukira ku Indian Ocean ngati mtsinje wa m'mwamba, ndipo umanyamula ayironi yemwe amasungunuka msanga kuposa wa m'fumbi wamba. Kuti moto ungadyetse nyanja zinaoneka poyera ku Australia, moto woopsa uja wa 2019 mpaka 2020 utsi wake unakagwera kutali m'nyanja ya kumwera ndipo masetilaiti anaona tizomera titabiriwira pachigawo chachikulu zedi. Nyengo yomweyo, kumapeto kwa 2019, kumwera chakum'mawa kwa Madagascar kunabiriwiranso modabwitsa pa nthawi yomwe sikumayenera kutero, ndipo ofufuza anakulumikiza ndi fumbi lochokera ku madera ouma a Namibia ndi Botswana chilala chitavuta. Nde chilala chomwe chikupha ng'ombe kumtunda chikukathira feteleza m'nyanja, zinthu zake n'zolukanalukana chonchi.

Chomwe chimandiwawa pang'ono n'choti pa ntchito yonseyi Africa ikuoneka mochepa. South Africa ndiye ilipo, ali ndi sitima ya SA Agulhas II yomwe imanyamuka ku Cape Town kupita ku Antarctica, ndipo ku yunivesite ya Stellenbosch kuli gulu lodziwa kutunga ndi kuyeza zitsulozi mwaukhondo uja, amapita ngakhale m'nyengo yozizira pomwe sitima zambiri sizifuna kuyandikira kumeneko. Koma maulendo ambiri oyeza nyanja zotizungulira amachita ndi ena, Japan inayenda Indian Ocean ndi Hakuho Maru cha mu 2009 ndi 2010, India ili ndi maulendo ake, France inachita ulendo wa SWINGS mu 2021 pa sitima ya Marion Dufresne kuchokera ku chilumba cha Réunion. Chifukwa chake sichobisika, labu yoyera ndi makina aja ndi ndalama zoti unduna wathu ungagulire mabuku masukulu ambirimbiri. Komabe luso lake ndi lomweli lomwe ofufuza athu a zanthaka agwiritsa ntchito poonetsa kuti chimanga cha m'madera ambiri a Malawi chili ndi selenium wochepa, kamchere kofunika m'thupi, chifukwa cha mtundu wa dothi, makina ake ndi a mtundu womwewo, funso lake ndi lomwelo la kachinthu kochepa komwe kakulamula zazikulu.

Ndipo madzi athu amakafika ndithu kunyanja yamchere. Mvula ikagwa pa Dedza, Linthipe amatenga katondo uja kupita naye ku nyanja ya Malawi, ya ku Ntcheu mbali ina imatsika ndi Rivirivi kukalowa mu Shire, Shire mu Zambezi, Zambezi n'kukathira mu Indian Ocean cha ku Chinde. Kungoti ayironi wa m'mitsinje ulendo wake umakonda kuthera pakhomo, madzi opanda mchere akangokumana ndi amchere timibulu take timagwirana ngati mkaka wothira mandimu n'kumira pomwepo, moti pa mitsinje yambiri gawo lalikulu zedi silidutsa pamathiriro. Mtsinje wa Congo ndi womwe unawadabwitsa, sitima ya Germany ya Meteor itapita kumeneko mu 2015 inapeza ayironi wake akadali wambiri makilomita mazanamazana kuchokera kugombe. Wa m'munda mwanu yemwe anakokoloka ndi mvula ya Januwale, wambiri ali m'matope a m'njira, ku Liwonde, ku Elephant Marsh, ndipo wofika ku Chinde n'kupitirira ndi wochepa kwambiri.